Kuwerenga Amuna

Mame asanaume ndimatsikira kumunda wa kuseri kwa Domwe,
kope m'thumba, pensulo kukhutu.
Pansungwi yozikidwa pakati pa mizere
palendewera kachidebe kobiriwira.
Ntchito yanga ndi kutsegula, kukhuthula, kuwerenga.
Dzulo anali makumi awiri ndi mmodzi.
Lero khumi ndi asanu ndi anayi, wina akuphiriphithabe.
Onse amuna.

Tsiku lomwe Dona Ariminda anabwera nako kuchokera ku Ulongwe,
matope a njinga yamoto mpaka m'mawondo,
anakhala pamzere, navula chisoti, nati:
Ntchemberezandonda zikukudyerani mtima wa chimangazi
zili ndi mayi wawo, gulugufe wotuwa wa usiku.
Masana onse ali duu kunsi kwa tsamba,
sanunkhira, saitana.
Koma mdima ukakhwima, kanthu kena m'mutu mwake kamadziwa nthawi,
kamadontheza uthenga m'magazi,
uthengawo n'kutsika thupi lonse
mpaka kunsonga kwa mimba.
Kumeneko kuli timafuwa tosaoneka ndi maso.
Mafuta amene anasunga akali mbozi,
a chimanga chanu chomwechi,
amatenthedwa, amadulidwa, amasanduka fungo,
iye n'kutukula mchira, kulipereka kwa mphepo.

Wamwamuna ali kutsidya kwa dambo
amalimva ndi tinyanga take,
amanyamuka, kulimbana ndi mphepo,
kukhotera uku, kukhotera uko,
ngati wochokera ku kachasu akusaka khomo lake.
Akakumana, amasiya m'thupi la mkaziyo kanthu kozimitsa moto.
Uthenga uja umaleka kutsika.
Mphika umaphulidwa.

Ndinafunsa: ndiye m'chidebemu mwatsekeramo wamkazi?
Anaseka mpaka kutsokomola,
nandionetsa kampira kofiira,
kochepa ngati chotsekera botolo la jakisoni.
Mulibe wamkazi, bambo Sitole.
Muli fungo lokha, lophikidwa kufakitale.

Tonse tinaseka tsiku lija.
Gonsalo anati amuna ndi zitsiru kulikonse,
kaya a miyendo iwiri, kaya a mapiko.
Inenso ndinaseka nawo.

Sindinawauze za sutukesi ya pansi pa bedi.
Muli kapulana ya Rozalina, yachikasu, ya maluwa a mpendadzuwa,
imene anavala popita kuchipatala
ndipo inabwerera yokha, yopindidwa, m'jumbo.
Dzinja lachiwiri lino.
Masana sindiikumbuka n'komwe:
ndimapalira, ndimakangana ndi ogula mbatatesi za mtengo,
ndimakonza tcheni cha njinga.
Koma ana akagona, nyali ikazima,
kanthu kena m'mutu mwanga kamadziwa nthawi.
Ndimagwada mumdima, ndimatsegula,
ndimakwirira nkhope m'nsaluyo.
Sopo wa mtanda, utsi wa zitsononkho,
ndi kafungo kena ka kukhosi kwake
kamene ndilibe dzina lake.
Ndikudziwa kuti mulibe munthu.
Kodi iwowa sadziwa, akamagunda pulasitiki?
Mwina amadziwa atalowa kale.

Akuti chiwerengero changachi chimakwera shapa mpaka ku Tete,
chimalowa m'kompyuta,
chimauza anthu tsiku loti athire mankhwala.
Chabwino. Chimanga chipulumuke.
Ana anga sadya chisoni.

Koma pakatha masabata anayi
kampira kaja kamasuluka,
amuna amadutsa osapatuka,
ndipo Dona Ariminda amabwera ndi kena katsopano m'kapepala konyezimira.
Kapulana nayo yayamba kununkha sutukesi.
Usiku wathawu ndinafufuza m'mphepete monse
ndisanapeze pamene Rozalina watsalira,
malo osakwana chikhatho.
Njinga yamoto yobweretsa zimenezo kulibe.

Wophiriphitha uja ndamutola m'mapiko,
fumbi lake latsala pa zala.
Ndamuponya m'mwamba, wagwera pa tsamba, wakwawira kunsi.
M'kope ndalemba khumi ndi asanu ndi atatu.
Mawa ndidzamupeza momwemo.